Kutolera ndi kusunga miyala ya ku Kopala pakhomo

M'nyumba zambiri za ku Wusakile, Chamboli ndi Mindolo mumzinda wa Kitwe, ngakhalenso za ku Chifubu ndi Masala ku Ndola, simulephera kupeza mwala wobiriwira kapena wonyezimira uli m'kabati ya mbale, pamwamba pa wailesi, mwinanso pansi akutsekerezera chitseko. Mukafunsa eni nyumba, amati adabwera nawo ndi agogo aamuna nthawi imene ankagwira ntchito kumgodi. Mukapitiriza kufunsa kuti mgodi wake uti, chaka chiti, onse amangoyang'anana. Pamenepo ndiye patayika zambiri. Mwala wosowa umene kwawo kukudziwika, aphunzitsi a za miyala amaufuna, nyumba zosungiramo zinthu zakale zimaufuna, ndipo anthu osunga miyala a maiko akunja amaulemekeza. Koma kwawo kukaiwalika, ngakhale ukongole chotani, umangotsala chokongoletsera m'kabati.

Malangizo awa ndi a banja limene likufuna kutolera ndi kusunga miyala mwadongosolo, popanda kuika moyo pachiswe ndiponso popanda kulakwira boma. Ndinene poyambirira kuti iyi si njira yolemerera. N'zoona kuti ku Lufwanyama, kumwera chakumadzulo kwa Kitwe, mgodi wa Kagem udatulutsa emerald wotchedwa Inkalamu mu 2018, wa makarati 5,655, ndi wina wotchedwa Chipembele mu 2021, wa makarati 7,525, ndiye kuti kilogalamu imodzi ndi theka, pakuti karati imodzi ndi magalamu 0.2. Koma miyala imeneyo idatuluka m'dzenje lakuya lokumbidwa ndi makina akuluakulu, lakampani imene boma la Zambia lili ndi gawo la 25 peresenti. Munthu woyenda ndi maloto a Chipembele m'mutu ndiye amene akathyali amamudyera ndalama. Phindu la banja ndi lina: ana odziwa nthaka ya kwawo, mbiri ya ntchito ya makolo yosungika bwino, ndipo mwa apo ndi apo mwala umene ulidi wosowa.

Yosowayo ilipo ndithu. Anthu a dera lino, Alamba ndi anzawo, ankasungunula mkuwa kalekale azungu asanaponde kuno, ndipo mwala wobiriwira umene iwo ankaudziwa, malachite, ndi womwewo umene udatsogolera William Collier ku Luanshya ndi ku Bwana Mkubwa pafupi ndi Ndola mu 1902. Malachite ndi wamba kuno, koma m'mbali mwake mumabisala ena. M'zaka za m'ma 1970, dzenje la Mindola pamgodi wa Nkana, umene panthawiyo unkadziwika ndi dzina la Rokana, lidatulutsa libethenite wokongola kwambiri, timakristalo tobiriwira moderako, tonyezimira, timene lero tili m'nyumba zazikulu zosungiramo miyala kunja kwa dziko lino. Ku Chibuluma, ku Chambishi ndi ku Nkana komweko kumapezeka carrollite, mwala wotuwa monyezimira umene uli ndi mkuwa ndi kobati. Mukatsikira kumwera, ku Kabwe, mgodi wa mtovu wa Broken Hill, umene udatsekedwa mu 1994, ndiwo udaonetsa dziko lapansi koyamba miyala iwiri yotchedwa tarbuttite ndi parahopeite. Ina mwa miyala imeneyi idalowa m'matumba a maovololo n'kufika m'makomboni, ina idakwera basi ndi opuma pantchito kupita ku Chipata, ku Petauke, ku Lundazi ndi ku Malawi.

Choncho malo oyamba kufufuza ndi m'nyumba mwanu momwemo ndi kwa achikulire amene adagwirako ntchito yamgodi. Pitani kwa iwo ndi kope ndi cholembera, mukhale pansi, mwalawo uli m'manja mwawo. Afunseni mwaulemu: bambo, mwala uwu mudautola mgodi uti? Munali pansi panthaka kapena padzenje lapamtunda? Inali nthawi ya Rokana, ya ZCCM kapena migodi itagulitsidwa kale? Ngakhale chaka chenicheni atachiiwala, yankho lokhalo limakupatsani nyengo, chifukwa kampani ya migodi ya ZCCM idapangidwa mu 1982 ndipo migodi ikuluikulu idagulitsidwa cha m'ma 2000. Lembani mmene ayankhulira, osakonzakonza. Akati mwina ndi ku Mufulira, inunso lembani kuti mwina.

Malo ena ndi pamsika. Ku Chisokone ku Kitwe kuli ogulitsa ziboliboli ndi zokongoletsera za malachite, ndipo ena amakhala ndi miyala yosasema. Musanatulutse ndalama funsani kumene mwalawo wachokera. Malachite wambiri wokongola amene mumamuona m'misika ya Kopala amachokera ku Katanga, dziko la Congo, kudzera pachipata cha Kasumbalesa. Kuchokera ku Congo sikumuchepetsa, koma musalembe kuti ndi wa ku Nchanga pamene ali wa ku Kolwezi. Wogulitsa amene akuti miyala yake yonse ndi ya mgodi umodzi, chikhalirecho ndi yosiyana mitundu, akungofuna kuti mugule msanga. Kupatula pamenepo, yang'anani pansi mukamayenda: pamene akumba msewu kapena maziko a nyumba, m'munda mwanu mvula yoyamba ikakokolola dothi, pamulu wa miyala yomangira. Zambiri zimene mudzatole kumeneko ndi nsangalabwi zoyera, mwala wofiira wa chitsulo ndi timapepala tonyezimira ta mica. Musazinyoze. Ndi zimene mwana amaphunzirira.

Kumene simuyenera kupita

Pa 20 Juni 2018, mbali ya phiri lakuda la zotsalira za m'ng'anjo ku Kitwe, limene onse amalitcha Black Mountain, idagumuka n'kupha anthu osachepera 10 amene ankatola miyala pamenepo. Kumapeto kwa Novembala 2023, mvula yamphamvu idagumula dothi padzenje la Senseli ku Chingola, anthu oposa 30 adatsekeredwa m'mauna amene adakumba, ndipo ambiri sadatulukemo amoyo. Anthu amenewo adapitako chifukwa cha njala, ndipo palibe angawaweruze. Koma inu amene mukungofuna mwala wa m'kabati mulibe chifukwa chilichonse chopondera pamalo otere, ndipo mwana wanu asapiteko ngakhale anzake amukope chotani. Makoma a dzenje lakale amaoneka olimba m'chilimwe, koma madzi akalowa m'ming'alu amagwa popanda chenjezo. Madzi obiriwira odzaza m'maenje osiyidwa ndi akuya, ndipo m'mbali mwake ndi moterera. Madamu a matope otsalira kumigodi nawonso ndi oopsa. Amene ali ku Kitwe akukumbukira Febuluwale 2025, pamene damu lotere lidaphulika ku Chambishi, madzi a asidi n'kulowa mumtsinje wa Mwambashi mpaka mu Kafue, nsomba n'kufa, madzi a m'mipopi n'kutsekedwa.

Lamulo nalonso lili pomwepo. Ku Zambia miyala yonse ya pansi panthaka ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, ngakhale mundawo ukhale wanu. Kukumba kumafuna chilolezo, kuchita malonda a miyala kumafuna chilolezo, ndipo kuitulutsa kunja kwa dziko kumafunanso chilolezo chake. Zimenezi zidalembedwa m'lamulo la migodi la 2015, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo idakhazikitsa bungwe latsopano loyang'anira nkhanizi, la Minerals Regulation Commission. Malo a mgodi amene ali ndi mwini wake, kulowamo popanda chilolezo ndi mlandu, kutengamo mwala ndi kuba. Dera la emerald la Kafubu limatetezedwa kwambiri, ndipo kupezeka ndi emerald wosasema wopanda mapepala kungakugonetseni kupolisi. Mukagula mwala wodula, pemphani lisiti ndipo muone chilolezo cha wogulitsayo. Ngati mukufuna kupita ndi miyala kumudzi kudzera pa Mwami ndi Mchinji, kapena kukwera nayo ndege pabwalo la Simon Mwansa Kapwepwe, yambani mwafunsa ku ofesi ya unduna wa za migodi. Safunsa adadya phula.

Kapepala ndi kope

Apa ndiye pagona ntchito yonse, ndipo sipafuna ndalama. Mwala uliwonse, tsiku lomwelo umene walowa m'nyumba, upatsidwe nambala. Pezani kambali kobisika, kapansi, kopanda makristalo. Donthezani kadontho kamodzi ka penti yoyera kapena ka mankhwala oyera ofufutira zolemba, kakauma, lembanipo nambala ndi cholembera chakuda chosafufutika. Nambala yomweyo ilembedwe pakapepala kokhala pansi pa mwalawo m'bokosi lake, ilembedwenso m'kope lachikuto cholimba. Kope limenelo likhale la miyala yokha, asang'ambemo mapepala olembera ngongole za pagolosale.

M'kopemo lembani motere, mwachitsanzo: nambala 14, wobiriwira wa mizere yozungulira, ndikuganiza kuti ndi malachite, udachokera ku Bwana Mkubwa, Ndola, adatipatsa ndi amalume, iwo adautola akugwira ntchito kumeneko, talandira pa tsiku lakutilakuti. Ngati mwagula, lembani msika, mtengo ndi zimene wogulitsa wanena. Ngati mwatola nokha, fotokozani malowo moti munthu wina atha kukafikapo: msewu uti, mbali iti ya mlatho, dothi lake lotani. Foni zambiri zimaonetsa manambala a malo pamapu, ndipo kuwakopera m'kope n'kothandiza kwambiri. Jambulaninso chithunzi, mwalawo uli pambali pa bokosi la machesi kuti kukula kwake kudziwike.

Kapepalako kali ngati khadi la kusikelo la mwana: kakatayika, wodzamusamalira m'tsogolo amayambira mumdima. Dzina la mwala mukalilakwitsa palibe vuto lalikulu, katswiri atha kulikonza ngakhale patapita zaka 50, chifukwa mwalawo ukadali pomwepo kuti auyeze. Koma malo akaiwalika palibe makina amene angawabweze motsimikiza. Ndi chifukwa chake ndikuti musataye kapepala kakale kalikonse kamene mwapeza ndi mwala, ngakhale kathimbirire, ngakhale kalembedwe ndi pensulo m'Chibemba kapena m'Chingerezi chothyokathyoka. Kaikeni m'kapulasitiki, kakhale pamodzi ndi katsopano. Ndipo musapeke. Kulemba kuti malo sakudziwika ndi ulemu kuposa kulemba Mindola chifukwa choti dzinalo limakweza mtengo.

Kudziwa mtundu wa mwala ndi zida za pakhomo

Maso okha amanamiza, chifukwa miyala yobiriwira kuno ndi yambirimbiri. Zida zofunika ndi izi: chikhadabo chanu, kachidutswa ka waya wa mkuwa, mpeni wakale, botolo lagalasi, chibenthu cha thailosi, viniga woyera, maginito a m'sipika yakufa, ndi galasi lokulitsa zinthu ngati mungalipeze. Ndalama zachitsulo za masiku ano musaziyesere, si zamkuwa weniweni.

Yambani ndi kulimba. Mu 1812 Friedrich Mohs adandandalika miyala kuchokera pa 1, wofewetsetsa, kufika pa 10, amene ndi dayamondi, ndipo muyeso wake ukugwirabe ntchito. Chikhadabo chili pa 2.5, mkuwa pa 3, mpeni ndi galasi cha pa 5.5, nsangalabwi ya quartz pa 7, emerald pakati pa 7.5 ndi 8. Cholimba chimakala chofewa. Kandani pakambali kobisika, osati pankhope ya kristalo, kenako pukutani ndi chala chonyowa muone ngati mzerewo walowadi kapena unali ufa chabe wa chida chanu. Malachite ali pakati pa 3.5 ndi 4, mpeni umamukala mosavuta. Mwala wobiriwira umene mpeni waukala si emerald, nkhani yathera pomwepo, wogulitsa alumbire chotani.

Chachiwiri ndi mtundu wa ufa wake. Tembenuzani chibenthu cha thailosi, kapena kapu yadothi yomwera tiyi, mupeze pamene sipadapakidwe zonyezimiritsa, ndipo khutizani mwalawo kamodzi mwamphamvu. Malachite amasiya mzere wobiriwira mowala. Azurite, mnzake wabuluu amene amakonda kukhala naye limodzi, amasiya wabuluu. Cuprite amasiya wofiira moderako. Muyeso umenewu ndiwo umathetsa mkangano wa golide, umene wasokoneza mabanja ambiri. Chalcopyrite, mwala wachikasu wonyezimira umene mkuwa wambiri wa Kopala umachokeramo, amasiya mzere wakuda mobiriwira, ndipo mukamumenya ndi hamala amanyenyeka. Pyrite nayenso amasiya wakuda, koma iye ndi wolimba, pa 6 kapena kuposerapo, mpeni sumukala. Golide weniweni amasiya mzere wachikasu, ndi wofewa, ndipo mukamumenya amaphwatalala osasweka.

Viniga amathandiza kusiyanitsa yobiriwira iwiri. Palani kaufa pang'ono pambali yobisika, kaikeni pagalasi, donthezanipo viniga, muyang'anitsitse. Ufa wa malachite umatulutsa tithovu pang'onopang'ono. Wa libethenite sutero, ndipo wa chrysocolla, uja wabuluu mobiriwira wooneka mopanda kunyezimira, suteronso. Pamafunika kuleza mtima, chifukwa viniga ndi wofooka ndipo tithovuto ndi tating'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mabuku ena akale amati chrysocolla amamatirira lilime. Musayese. Mwala wa kumgodi usafike pakamwa.

Amene ali ndi sikelo yamanambala yoyezera ufa wophikira makeke atha kuyeza kulemera kwa mwala poyerekeza ndi madzi, ndipo ana asukulu amaukonda muyeso umenewu. Yezani mwala wouma, mulembe magalamu ake. Ikani kapu ya madzi pasikelo, mubweze manambala pa ziro. Mangani mwalawo ndi ulusi, muulowetse m'madzi wonse, ulendewere osakhudza pansi kapena m'mbali mwa kapu, mulembe chimene sikelo yaonetsa. Gawani nambala yoyamba ndi yachiwiri. Mwala wa magalamu 53 umene m'madzi waonetsa 20 ukupereka 2.65, ndiye quartz ameneyo. Malachite amapereka pakati pa 3.6 ndi 4, chalcopyrite cha pa 4.2, pyrite cha pa 5, galena, mwala wa mtovu wa ku Kabwe, cha pa 7.5, pamene golide amapitirira 19. Muyesowu umakhoza bwino mwala ukakhala wa mtundu umodzi, wosasakanikirana ndi thanthwe.

Zachinyengo zimene zimayendayenda

Chinthu choyamba chimene ongoyamba kumene amanamizika nacho ku Kitwe si cha akathyali ayi, ndi zotsalira za m'ng'anjo. Ng'anjo ya ku Nkana idayamba kusungunula mkuwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, ndipo zotsalira zake zidamwazika m'tauni monse, zina adathira m'misewu ndi m'mabwalo. Zimakhala zakuda, zolemera, zina zonyezimira mwagalasi, zina zamawanga obiriwira kapena abuluu, ndipo nthawi zambiri zimakoka maginito pang'ono. Chizindikiro chake ndi timaenje tozungulira ta mpweya. Ana amabwera nazo akuti ndi mwala wogwa kumwamba. Sungani chimodzi, mulembe chimene chili, chifukwa nacho ndi mbiri ya mzinda, koma musalipire ndalama.

Emerald wabodza ndiye amaliza anthu. Akathyali amaswa botolo lobiriwira, kapena amanyika quartz mu utoto, amasema mbali zisanu ndi imodzi, kenako amamatirira tizidutswa ta mica wakuda ndi guluu kuti azioneka ngati wangotuluka m'thanthwe la ku Kafubu. Amakupezani madzulo, amanong'ona, amati apolisi ali pafupi, mugule msanga. Yang'anani ndi galasi lokulitsa padzuwa. Tithovu tozungulira m'kati ndi umboni wa galasi. Utoto wodzazana m'ming'alu pamene kwina kuli koyera ndi umboni wa quartz wonyikidwa. Pamphambano ya mwala ndi mica, guluu amanyezimira mosiyana ndipo nsonga ya singano yotenthetsa imamufewetsa n'kutulutsa fungo. Komabe dziwani malire anu: quartz wonyikidwa amakala galasi mofanana ndi emerald, kulemera kwawonso n'koyandikana kwambiri, ndipo palinso emerald wopangidwa m'fakitale amene amanamiza ngakhale odziwa. Chiweruzo changa n'chakuti banja lisagule emerald wa mumsewu, mtengo utsike chotani.

Malachite naye ali ndi wabodza wake wapulasitiki, makamaka pamikanda ndi zibangili. Weniweni ndi wolemera, wozizira mukamugwira, ndipo mizere yake ndi yobiriwira mosiyanasiyana, yopindika mosafanana. Wabodza ndi wopepuka, amafunda msanga m'manja, ndipo amakhala ndi mizere yakuda bii yobwerezabwereza. Palinso miyala yonyezimira mwapepo ndi mwabuluu imene amaigulitsa ngati bornite. Bornite weniweni alipo kuno, ndipo amasinthadi mtundu akakhala pamphepo, koma yowala mopitirira muyeso nthawi zambiri ndi chalcopyrite wonyikidwa mu asidi.

Kutsuka ndi kusunga

Miyala yambiri yabwino imaonongeka m'manja mwa anthu oikonda. Wina amaipaka mafuta ophikira kapena Vaseline kuti iwale, wina vanishi, wina amainyika mu asidi wa batire kapena mu Jik. Zonsezi zisiyeni. Mafuta amakoka fumbi ndi kudetsa mwala, vanishi sachoka, ndipo asidi amadya malachite ndi azurite mpaka kutha. Chofunika ndi beseni la madzi ofunda pang'ono, kadontho ka sopo wotsukira mbale ndi mswachi wakale wofewa. Yesani kaye pakangodya. Tsukani mofatsa, tsukuluzani ndi madzi oyera, yanikani pamthunzi masiku angapo mpaka uumiretu m'kati. Dothi la m'ming'alu lichotseni ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati msomali. Malachite wa ulusiulusi wofewa, ndi mwala uliwonse wa timakristalo tosongoka topyapyala, usaonane ndi mswachi n'komwe. Upemerereni mphepo basi. Ndipo mukaona kristalo lili pathanthwe lake, musaligomole kuti likhale lokha. Thanthwelo ndi mbali ya umboni wa kwawo, ndipo odziwa amakonda mwala uli pamake.

Pali mwala wina wabuluu wowala kwambiri, chalcanthite, umene umamera pamakoma onyowa a migodi ya mkuwa, ndipo ena amaupanga okha m'mabeseni n'kumagulitsa. Umasungunuka m'madzi ndipo ndi poizoni. Mwana atha kuuyesa switi. M'nyumba ya ana aang'ono usalowe.

Pa chitetezo cha banja ndikhalepo pang'ono. Miyala ya ku Kabwe ili ndi mtovu, ndipo dziko lonse likudziwa mmene mtovu wavulazira ana a mzinda umenewo. Umalowa m'thupi kudzera m'fumbi ndi m'manja osasamba, n'kuononga ubongo wa mwana mosabwezeka. Miyala yotere ikhale m'mabokosi otseka, pamwamba. Ku Mindola adakumbako yureniyamu pakati pa 1957 ndi 1959, ndipo ku Katanga kumachokera miyala ya yureniyamu yokongola, yobiriwira mowala kapena yachikasu chowala, ina ya timapepala tangodya zinayi, monga torbernite. Imeneyi imatulutsa mphamvu yovulaza thupi imene simungaione kapena kuinunkhiza. Mwala wa maonekedwe otere wochokera ku Congo musauike kuchipinda chogona, musaunyamule m'thumba la malaya, ndipo ngati n'kotheka musaugule mpaka katswiri atauyeza. Lamulo la pakhomo likhale limodzi kwa onse: wagwira miyala, sambani m'manja ndi sopo musanadye. Ziwiya zotsukira miyala zisabwerere kukhitchini, ndipo madzi ake asatayidwe m'dimba la ndiwo. Mbale kapena kapu ya malachite ndi yongoonera, osadyeramo. Mukamaswa mwala valani magalasi oteteza maso, gwiritsani hamala ndi tchizulo, panja, ana ali patali. Kupala kapena kupera mwala wouma kumatulutsa fumbi lomwe lija lidadwalitsa mapapo a anthu ambiri a m'migodi, choncho nyowetsani nthawi zonse.

Posungira sipafuna kabati yodula. Mathileyi a mazira, mabokosi a machesi ndi makatoni a nsapato ogawidwa ndi timakatoni tating'ono amakwanira. Chachikulu n'chakuti miyala isakhudzane, chifukwa quartz mmodzi m'chitini amakala anzake onse ofewa chitinicho chikangogwedezeka. Yalani kansalu kapena pepala lofewa pansi. Thonje lipeweni, limakola timakristalo n'kutithyola. Ponyamula, kulungani uliwonse pawokha m'nyuzipepala, kapepala kake kali momwemo.

Adani awiri ndi chinyezi ndi dzuwa. Mvula ya Kopala ndi yambiri, kuyambira Novembala mpaka Epulo, ndipo nyumba zambiri zimachita nkhungu. Pyrite ndi miyala ina yonyezimira mwachitsulo ikakhala ponyowa imayamba kuola: imatuluka ufa woyera kapena wachikasu, imanunkha safa, ndipo asidi wake amadya kapepala ndi bokosi lomwe. Isungeni m'mabotolo otseka bwino, muikemo timapaketi tija toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano. Mukaona umodzi wayamba kuola, upatuleni msanga ndipo mukopere kapepala kake. Dzuwa nalo limafwifwitsa amethyst, mwala wapepo uja wa ku Mapatizya kuchigawo chakumwera, ndiponso quartz wapinki. Pawindo si pamalo pake.

Musadzaze nyumba. Miyala 30 yodziwika kwawo, yosamalidwa, iposa matumba atatu a miyala yosadziwika ali kuseri kwa nyumba. Banja lina lingasankhe kusunga ya Kopala yokha, mgodi uliwonse mwala umodzi: Nkana, Mufulira, Nchanga, Konkola, Chambishi, Luanshya, Bwana Mkubwa. Amene kwawo ndi kum'mawa angaonjezepo aquamarine ndi tourmaline wa ku Lundazi, ndipo a ku Malawi angafunefune aegirine wakuda wa kuphiri la Malosa ku Zomba, amene osunga miyala padziko lonse amamudziwa.

Mukakakamira pa mwala wina, musaufunse kwa munthu amene akufuna kuugula. Ku Ndola, mumsewu wa Buteko, kuli Copperbelt Museum, kumene miyala ya dera lino ili poonekera ndi maina ake. Tengani ana ndi kope lanu, mukayerekeze ndi maso. Ku Ndola komweko kuli sukulu yophunzitsa kusema miyala yamtengo wapatali, ya Gemstone Processing and Lapidary Training Centre. Ku Kitwe, yunivesite ya Copperbelt ili ndi gawo la maphunziro a migodi ndi miyala, ndipo ku Lusaka kuli nthambi ya boma ya Geological Survey. Pitani ndi mwalawo pamodzi ndi zimene mudalemba, mufunse mwaulemu ngati alipo angakuonereni, ndipo zimene akuuzani mukazilembe m'kope ndi tsiku lake.

Patsamba loyamba la kopelo lembani dzina la amene adzasunge miyalayi inu mukadzatopa, ndipo mumuuze akadali wamng'ono kuti azithandiza kulemba manambala. Ngati pabanja palibe woifuna, musalole kuti idzathere kudzala tsiku losamuka nyumba. Kaiperekeni kusukulu ya sekondale yapafupi kapena ku Copperbelt Museum, mabokosi, timapepala ndi kope lake zonse pamodzi.